Kabuku ka njira zozukutira zolembalemba: pamene tafika

Zolemba izi ndi za anzathu aphunzitsi a Chinyanja muno mu Lusaka amene tikukonza nawo kabuku ka literary theory (njira zozukutira zolembalemba) m'chinenero chathu, komanso za amene akulowa m'ntchitoyi mochedwa ndipo akufuna kudziwa chifukwa chake mitu ina tidaigwetsa n'kuyambiranso. Kabukuka kakhala ndi mitu 8, uliwonse usapitirire masamba 6 a A4, ndipo uthe kuphunzitsika m'mapiriyodi awiri a mphindi 40. Lamulo lathu ndi limodzi: njira iliyonse isalowe m'kabuku tisanaiyese pa nthano, mwambi kapena ndakatulo ya Chichewa, n'kulemba pamene yagwira ndi pamene yakanika.

Meyi, Loweruka loyamba

Zoyesera zakwana: nthano 12 zojambulidwa pa foni, miyambi 40, ndagi 20 ndi ndakatulo 6 zolembedwa ndi anthu a m'gulu lomweli. Nthano 7 adakamba ndi akuluakulu ochokera ku Katete ndi ku Chadiza amene amakhala ku Kalingalinga ndi ku Mtendere, 5 adakamba ndi ana a sukulu a ku Matero. Tidachita dala kusakaniza chonchi kuti tione zimene nthano imataya ndi zimene imatola ikafika m'tauni.

Nthano ya mphindi 10 ikumatenga pafupifupi ola ndi theka kuti ilembedwe bwino papepala. Amene mukulemba, musakonze chinenero cha wokamba. Mwana akati "nifuna" lembani "nifuna", musamuikire "ndifuna". Lembaninso "Tilitonse" aliyense wa omvera, kuseka, nyimbo ndi pamene wokamba wayamba wapuma. Mafayilo awiri adaonongeka chifukwa foni idali patebulo lopanda nsalu ndipo idatola kugunda kwa makapu. Ikani foni pa chitenje chopinda, pafupi ndi wokamba, kutali ndi zenera la ku msewu. Potumizirana pa WhatsApp tumizani fayilo yeniyeniyo ngati document, musaijambulenso kuchokera pa sipika.

Kumasulira mawu akuti critical, a m'dzina lakuti critical theory, kwatidyera masana onse. Ambiri adayamba ndi "kutsutsa" kapena "kudzudzula", koma mwana akamva choncho amaganiza kuti ntchito yake ndi kupeza zolakwa za mlembi. Tasankha "kuzukuta". Theory nayo tidakana kuitcha "chiphunzitso" chifukwa mawuwa amanunkha kutchalitchi, ngati chinthu chofunika kungochikhulupirira. Tizilemba "njira", ndipo dzina lachingerezi lizioneka kamodzi kumayambiriro kwa mutu kuti mwana akalipeza kwina alizindikire.

Mutu 1 ufotokoze kuti dzina lakuti critical theory lili ndi matanthauzo awiri. Loyamba ndi lopapatiza: maganizo a gulu la ku Frankfurt, la Institute for Social Research imene idakhazikitsidwa mu 1923, limene Max Horkheimer adalitsogolera kuyambira 1930 n'kulemba mu 1937 kusiyana kwa theory yongofotokoza dziko ndi theory yofuna kumasula anthu. Lachiwiri ndi lotambalala, limene m'makalasi a zolembalemba limaphatikiza njira zonse, kuyambira formalism mpaka postcolonialism. Kabuku kathu kakutsata lachiwirili.

Meyi, Loweruka lachitatu

Formalism ndi New Criticism taziika m'mutu umodzi ngakhale zidabadwira kosiyana, ina ku Russia ina ku America ndi ku England, chifukwa zonse zimauza wowerenga kuti ayang'ane mawu ali patsamba. Ganizo la Viktor Shklovsky la mu 1917, lakuti luso limasandutsa chinthu chozolowereka kukhala chachilendo kuti tichionenso, lagwira msanga pa ndagi. Ndagi ndi zomwezo: dzira likatchedwa nyumba yopanda khomo, womvera amaliona ngati sadalionepo. Mawu achirasha akuti ostranenie tawamasulira kuti "kusandutsa mlendo".

Tidabwereza zimene I. A. Richards ankachita ku Cambridge, zimene adazisindikiza mu 1929: kupereka ndakatulo yopanda dzina la mlembi. Ubwino wake kwa ife ndi wakuti mlembi adali m'chipinda momwemo. Ndakatulo ina yokamba za mtondo wong'ambika, anthu asanu mwa asanu ndi awiri adati ikukamba za banja lotha. Mwini wake adati ankangolira mtondo wa agogo ake. Apa ndi pamene mfundo ya Wimsatt ndi Beardsley ya mu 1946 imamveka bwino, yakuti cholinga cha mlembi sindicho muyeso wa tanthauzo. Kwathu mtondo ndi munsi zili kale ndi matanthauzo a m'banja, ndipo mlembi sangawaletse kulowa m'ndakatulo yake.

Pamene njirayi yakanika ndi pa miyambi. Mwambi ukauchotsa pabwalo pamene udanenedwa umatsala chigoba. "Mutu umodzi susenza denga" pamaliro ndi pempho, pamlandu ndi chidzudzulo. Tsamba lomaliza la mutuwu linene zimenezi poyera.

Juni, Loweruka loyamba ndi lachiwiri

Mutu wa structuralism, njira yoyang'ana kamangidwe ka chinenero ndi ka nthano, tidauyamba ndi Ferdinand de Saussure, katswiri wa zinenero, ndipo iye sadativute. Buku la maphunziro ake lidatuluka mu 1916, iye atamwalira kale mu 1913, ndipo mfundo yake yakuti tanthauzo limachokera pa kusiyana kwa zizindikiro imaoneka mosavuta m'Chichewa. "Pala" ndi "phala" zimasiyana ndi mpweya wokha. "Mtengo" wa m'tchire ndi "mtengo" wa pa Soweto Market zimalembedwa chimodzimodzi koma zimasiyana kakwezedwe ka mawu. Zitsanzo ziwirizi zakwana, tisawonjezere. Signifier tati "chotchulira", signified tati "chotchulidwa", koma pakhale chenjezo lakuti chotchulidwacho si mtengo weniweni womera panja, ndi ganizo la mtengo m'mutu. Ana ambiri amagwera pamenepa.

Ntchito yaikulu idali pa Vladimir Propp. Mu 1928 iye adasanthula nthano 100 za ku Russia n'kupeza kuti zochitika zake ndi 31 zokha, zimene zimabwera motsatana m'ndondomeko imodzi ngakhale zina zitasowapo, ndiponso kuti apangankhani amagwira maudindo 7. Tidalemba zochitika 31 zija pa makadi, n'kumvetsera nthano iliyonse kawiri, ulendo wachiwiri tikuyala makadi patebulo.

Nthano ya Kalulu ndi chitsime ndiyo yatiphunzitsa zambiri. Kwagwa chilala, nyama zakumba chitsime, Kalulu wakana kukumba. Zagwirizana kuti wosakumba asamwe: khadi 2, chiletso. Kalulu wabwera usiku: khadi 3, kuswa chiletso. Wanyengerera mlonda ndi uchi kuti alole kumangidwa: khadi 6, chinyengo, ndi khadi 7, kupusitsidwa. Mpaka apa zonse zidayenda. Kenako makadi 6 ndi 7 adafunika katatu, chifukwa alonda atatu adapusitsidwa motsatana, ndipo ife tidali ndi khadi limodzi la chilichonse. Propp amadziwa za kubwereza katatu, choncho vutoli ndi laling'ono: dulani makadi owonjezera. Vuto lenileni ndi la maudindo. Kalulu ndi ndani, ngwazi kapena mdani? Waswa lamulo la mudzi, koma omvera ali kumbali yake, ndipo pa fayiloyo ana akuseka mlonda, sakuseka Kalulu. Fulu atamugwira, chilango cha khadi 30 sichidachitike, Kalulu adapusitsanso nyama zonse n'kuthawa. Khadi 31, la ukwati ndi kulowa ufumu, lidatsala m'manja pa nthano zonse za Kalulu. Pa nthano 12 lagwira ntchito pa ziwiri zokha.

Wina anganene kuti ndiye Propp tingomutaya. Ayi. Iye mwini adanena kuti akukamba za mtundu umodzi wa nthano za kwawo, ndipo cholakwa ndi cha mabuku achidule amene amamugulitsa ngati kiyi wa nthano za dziko lonse. Makadi otsala m'manjawo ndiwo aonetsa chimene nthano ya Kalulu ili: simathera pa kukhazikika, imathera pa kuthawa, kuti mawa iyambenso. Tawonjezera anthu awiri amene adagwira nthano za mu Africa. Alan Dundes mu 1971 adaonetsa kuti nthano zambiri za wochenjera zimamangidwa pa kupalana ubwenzi ndi kuutha, ndipo izi zakwana ndendende pa nthano yathu ya Kalulu ndi Fisi. Denise Paulme mu 1976 adagawa nthano potsata mayendedwe ake, ina yokwera, ina yotsika, ina yozungulira, ina yonga galasi. Yonga galasi tili nayo: atsikana awiri apita kumtsinje umodzi, woyamba wasambitsa nkhalamba ya zilonda n'kubwerako ndi chuma, wachiwiri wainyoza n'kubwerako ndi tsoka.

Pa nthano za ana a ku Matero, imodzi Fisi akupusitsidwa pa nkhani ya ngongole, ndipo chitsime mulibe. Makadi ake ndi omwewo a nthano ya akuluakulu, motsatana chimodzimodzi. Chitsanzo chimenechi chilowe m'kabuku chifukwa chikuonetsa zimene structuralism imatha bwino kuposa njira ina iliyonse.

Juni, Loweruka lomaliza

Kalembedwe. Tikulemba zoyamba ndi ch ndi tch, monga amalembera ku Malawi, chifukwa mabuku ambiri amene tili nawo ali choncho, koma kope lopita m'masukulu a kuno liyenera kutsata kalembedwe ka ku Zambia ka mu 1977, ka c ndi ch. Kusintha pa kompyuta kudasokoneza mitu itatu. Amene adasintha adayamba ndi ch kupita ku c, ndiye "ntchito" idasanduka "ntcito" ndipo Achebe adasanduka Acebe. Ndondomeko yoyenera nayi. Yambani mwaika maina onse achilendo m'mtundu wina wa zilembo kuti muwadumphe. Sinthani tch akhale chizindikiro chosapezeka m'mawu, monga @. Kenako sinthani ch akhale c, pomaliza @ akhale ch. Musakanikize batani losintha zonse nthawi imodzi, ndipo sungani kope lakale. Magetsi akumazima pakati pa ntchito, choncho fayilo iliyonse izikhala ndi nambala yake yatsopano ikasinthidwa.

Julayi, Loweruka lachiwiri

Mutu wa Sigmund Freud, katswiri wa maganizo obisika a munthu, tidaulemba kawiri. Kope loyamba lidangotsata mabuku: maloto, zokhumba zoponderezedwa, ndi Oedipus, mwana wamwamuna wolimbana ndi bambo ake. Titaliyesa pa nthano zathu lidangoti zii. M'nthano 12 bambo wolamula akuoneka mu imodzi. Amene akuletsa, kulanga ndi kugamula za ukwati ndi atsibweni, kapena mfumu, kapena agogo aakazi.

Chifukwa chake sichobisika. Pa chikamwini bambo ndi mlendo m'mudzi wa mkazi wake, ndipo mwini mbumba ndi mlongo wa amayi. Nkhani imeneyi si yatsopano m'maphunziro: Bronislaw Malinowski adaiona ku zilumba za Trobriand, kumene anthu amatsatanso mtundu wa amayi, ndipo mu 1927 adasindikiza buku lonena kuti kumeneko mnyamata amalimbana ndi malume ake, bambo ndi bwenzi. Otsatira Freud sadavomere, adati mkwiyowo ndi wa kwa bambo womwewo wangosamutsidwira kwa malume. Kabuku kathu sikagamula mlanduwu. Kapereka mbali zonse ziwiri ndi nthano imodzi ya mphwake wolanda ufumu, ana azukute okha.

Amayi ena a m'gulu, amene aphunzitsa zaka zambiri kuposa tonse, adakumbutsa mfundo imene tikadaiphonya. Ana athu ambiri sadakulire pa chikamwini. Akulira m'nyumba ya lendi ku Chilenje kapena ku Chawama, kumene bambo ndiye amalipira lendi ndi fizi, atsibweni amaoneka pamaliro. Lamulo la Intestate Succession Act la mu 1989 limapereka magawo 50 pa 100 a chuma cha womwalira wopanda wilo kwa ana ake, 20 kwa mkazi kapena mwamuna wake, 20 kwa makolo ndi 10 kwa ena odalira iye. Mphwake alibe gawo lake chifukwa chongokhala mphwake. Ndiye mwana wa ku Lusaka angamve Freud msanga kuposa mmene angamvere nthano ya agogo ake. Tawonjezera ndime yofotokoza mbumba, nkhoswe ndi chitengwa mutu usanayambe, popeza sitingaganizenso kuti aliyense akuzidziwa.

Chenjezo lina: ana akaphunzira zizindikiro za m'maloto amayamba kuona zakugonana pa ndodo iliyonse ndi mphika uliwonse. Funso la m'kabuku lizikhala lakuti nthanoyi ikuopa kunena chiyani, ndipo umboni wake uli pa mzere uti.

Julayi, Loweruka lachinayi

Marxism yayenda msanga chifukwa ndime ya chuma cha masiye ija idatsegula kale njira. Base (chuma ndi ntchito) ndi superstructure (malamulo, ndale ndi maganizo a anthu), za m'mawu otsogolera buku la Karl Marx la mu 1859, tidayesa kuzitcha maziko ndi denga. Zimamveka, koma zimanamiza, chifukwa denga silisintha maziko pamene nyimbo ndi nthano zimasinthadi maganizo a anthu pa za ntchito ndi chuma. Tasiya "maziko" ndi "zomangidwapo", n'kuwonjezera Antonio Gramsci, amene adalemba ali m'ndende ku Italy pakati pa 1929 ndi 1935. Hegemony, mfundo yake yaikulu, sitidaipezere liwu limodzi. Tikulemba "ulamuliro wovomerezedwa ndi olamulidwa", ndipo chitsanzo ndi mwambi wakuti "Akuluakulu ndi m'dambo mozimira moto": palibe akukakamiza wachinyamata kukhala chete, iye mwini ndiye amaunena. Pa nthano ya chitsime funso la Marx ndi losiyana ndi la Propp. Ndani wakumba, ndani wamwa, ndipo n'chifukwa chiyani tikusekerera wosagwira ntchito?

Ogasiti

Mwezi uno takumana kamodzi chifukwa ena apita ku Mkaika ku Kulamba. Tidagwirizana asanapite kuti angathe kulemba mayamiko ndi malonje onenedwa poyera, koma nyimbo ndi mawu a kudambwe asalowe m'kabuku. Gule Wamkulu adalengezedwa ndi UNESCO mu 2005 kuti ndi chuma cha anthu onse, koma zimenezo sizidachotse chinsinsi cha eni ake. N'chimodzimodzinso ndi za kuchinamwali: mutu wa feminism, njira yozukuta malo a akazi m'zolemba, ugwiritse ntchito nyimbo za alangizi zoimbidwa pagulu pa kitchen party, osati za m'nyumba.

Mutuwu uli ndi mafunso atatu osiyana, ndipo kope loyamba lidawasakaniza. Loyamba ndi lakuti akazi akuonetsedwa bwanji m'zolemba, limene Kate Millett adalilimbitsa mu 1970. Lachiwiri ndi la Elaine Showalter la mu 1979, lakuti akazi eni ake akulemba chiyani ndipo motani. Lachitatu ndi la akazi a mu Africa amene adaona kuti mafunso awiriwa sakukwanira, monga Molara Ogundipe-Leslie ndi stiwanism yake ya mu 1994, yofuna kuti akazi akhale nawo pa kusintha kwa Africa, ndi Obioma Nnaemeka amene mu 2004 adalemba za nego-feminism, yotsamira pa kukambirana. Funso lachiwiri ndilo latigwira kwambiri: nthano 9 mwa 12 zathu adakamba ndi akazi. Cholakwa chofala, chimene ifenso tidachichita, ndi kuganiza kuti kutsata mtundu wa amayi ndiye kuti amayi ndiwo akulamula. Mbumba ndi ya akazi, koma mwini mbumba ndi mwamuna.

Postcolonialism, njira yozukuta zotsatira za utsamunda m'zolemba, ili ndi zambiri moti vuto ndi kudula. Tasunga zinayi: msonkhano wa alembi wa ku Makerere wa mu 1962 umene udali wa olemba m'Chingerezi, kalata ya ku Nairobi ya mu 1968 ya Ngugi wa Thiong'o, Henry Owuor-Anyumba ndi Taban lo Liyong yofuna kuti dipatimenti ya Chingerezi ithe, nkhani ya Chinua Achebe ya mu 1975 yodzudzula mlembi Joseph Conrad pa mmene adaonetsera Africa, ndi buku la Edward Said la mu 1978 lotchedwa Orientalism. Homi Bhabha tamusiya, masamba 6 sangamukwane. Pakhalenso ndime imodzi yonena za ife eni: mwana wolankhula Chinsenga kapena Chinyanja cha m'tauni akamadulidwa malikisi chifukwa sadalembe Chichewa cha m'buku, funso la chinenero cha ndani chimene chikulamula lafika m'kalasi mwathu momwe.

Seputembala, Loweruka loyamba

Mutu wa wowerenga tauyesa m'kalasi ya ana 46. Theka lidapatsidwa nthano ya atsikana awiri papepala, theka lina lidamvetsera fayilo. Funso lidali limodzi: nkhalamba ya zilonda ija ndi ndani? Nthano sinena. Owerenga papepala ambiri adati ndi mfiti. Omvetsera ambiri adati ndi mzimu wa makolo, ndipo titafunsa chifukwa adati wokamba adatsitsa mawu ndi kuchedwetsa pamene nkhalambayo ikulankhula, ngati mmene munthu amalankhulira za akufa. Wolfgang Iser amatcha malo otere mipata, imene wowerenga amadzaza yekha, koma apa taona kuti mpata wina tidaupanga ndife polemba. Kabuku kapite ndi mafayilo a mawu, apo ayi mutuwu ukhala wabodza. Onaninso kuti Iser ankaganiza za munthu wowerenga yekha mwakachetechete, pamene kwathu wokamba akati "Padangokhala" sapitiriza asanamve "Tilitonse".

Sipika yaing'ono sidakwane kalasi yonse, a kumbuyo sadamve nyimbo. Gawani ana m'magulu a anthu 8 ndi foni imodzi gulu lililonse, kapena mphunzitsi akambe yekha nthanoyo.

Deconstruction, njira ya Jacques Derrida yofufuza pamene mawu akudzitsutsa okha, sidathe. Kope limene lilipo lidangoika miyambi iwiri yotsutsana, "Kuona maso a nkhono n'kudekha" ndi "Zengerezu adalinda kwawukwawu", n'kunena kuti umu ndimo Derrida amachitira. Si choncho. Kutsutsanako kuyenera kupezeka m'kati mwa mawu amodzi omwewo. Chitsanzo chimene tikuyesa ndi "Mako ndi mako, usamuone kuchepa mwendo". Mwambiwu ukuletsa kuona mwendo, koma kuti uletse wautchula, ndipo womvera amene sadauone tsopano wauona. Ulemu umene ukulamula waimira pa chilema chimene ukufuna kubisa. Tikufuna zitsanzo zina ziwiri zotere, chimodzi cha m'ndakatulo, tisanalembe za zimene Derrida adakamba mu 1966 ndi kusindikiza mu 1967, ndi nkhani yake ya kulankhula ndi kulemba.

Zotsala: mitu 2, 3 ndi 5 ipite kwa owerengera awiri amene sadalembe nawo, nthano zitatu za ku Mtendere sizidalembedwe papepala, ndipo mndandanda wa mawu uli ndi mawu 64 pamene 11 mwa iwo akadali ndi matanthauzo awiri opikisana. Tiyamba ndi discourse ndi ideology Loweruka likubwerali.